Petulo wa Dalaivala

"Kodi botololi likudontha, kapena alipo akulimwa?" Sisi anafunsa atalikweza pawindo.

Amayi anapitiriza kusita yunifolomu yawo ya kuntchito. Azakhali, mlongo wa bambo ake, amene anabwera kudzalera mwana bambowo atapita kukagwira ntchito kutali, anangoponda makina awo osokera, phokoso n'kudzaza chipinda chonse.

Botololo linali la mlongo wake wa Sisi, kamnyamata ka zaka zitatu komwe onse ankakatcha Dalaivala. Tsiku lonse ankakhala pansi n'kumazunguza chivindikiro cha poto ngati chiwongolero. Anthu ankaseka, mpaka namwino atanena kuti mwanayo amakhala pansi chifukwa akayenda miyendo imamupweteka. Inali itayamba kupindika ngati uta. Mafupa ake anali ofewa chifukwa chosowa vitamini D, poti nyumba yawo inali kuseri kwa nyumba zosanja ndipo dzuwa silinkafikako. Namwino anawapatsa mankhwala, madontho anayi patsiku. Anawauzanso kuti azimutulutsa panja ndi kumupatsa mazira, mkaka ndi majarini owonjezeredwa vitaminiyo. Botolo linayenera kutha mwezi wathunthu.

Tsopano unali mlungu umodzi wokha, koma linali litafika pakati.

Sisi anali naye kale womuganizira. Tsiku lomwe anabwera kuchokera kuchipatala, Azakhali anati, "Ife tinakula popanda timadontho. Miyendo yathu si iyi?" Ndiye kuti akungotayira musinki kuti botolo lithe msanga. Mwina akumalandanso mwana akafuna kumwa. Sisi analemba kamzere pabotolo ndi bolopeni, ndipo mawa lake mankhwala anali atatsika kuposa madontho anayi. Anakanunkhiza ngakhale sinki, koma anangomva sopo.

Kuwauza Amayi kunali kovuta. Iwo ndi Azakhali ankalankhulana za mchere ndi makiyi basi, ndipo nkhani ngati imeneyi ikanayatsa moto. Sisi anaganiza zokonza yekha. Akaweruka kusukulu ankamutengera Dalaivala kuchipinda n'kumudonthezera madontho anayi.

"Usanene," ankamunong'oneza.

"Petulo," mwanayo ankatero akutsegula kukamwa.

Zinayenda choncho masiku atatu. Loweruka onse anali pakhomo, ndipo chakumasana Sisi analowa naye kuchipinda monga mwa masiku onse. Koma Dalaivala anatseka pakamwa ndi manja awiri, n'kukwawa kubwerera pabalaza.

"Yadzadza," anatero akusisita mimba. "Amama athira. Azakhali athira. Sisi ayi."

Makina osokera anaima. Sisi anali pakhomo, botolo lili m'manja.

"Alamu," Amayi anafunsa pang'onopang'ono, "mwakhala mukumupatsa?"

"Nanga ndikanatani? M'mawa mumatuluka ngati akukuthamangitsani. Ndimati mumaiwala."

"Ine ndimamupatsa ndisanasambe n'komwe. Nditaona kuti likutsika ndimati inu mukutaya."

"Ndingataye mankhwala a mwana wa achimwene anga? Pakamwa pokha ndimalankhula, koma manja anga sangachite zimenezo." Azakhali anatembenukira kwa Sisi. "Nanga inu adokotala, mwayamba liti ntchito?"

"Lachitatu," Sisi anayankha maso ali pansi. "Inenso ndimati mukutaya."

"Ee, ndiye kuti mfiti ya m'nyumba muno ndine."

Palibe anaseka. Amayi anali atavala kale nsapato.

Kuchipatala namwino anamvetsera nkhani yonse osawadula mawu. Anafunsa ngati mwanayo akusanza, ngati akumva ludzu pafupipafupi, ngati akukana chakudya. Pafunso lililonse atatuwo ankayang'anana asanayankhe, poti aliyense ankadziwa chigawo chake chokha cha tsiku.

"Vitaminiyu satuluka msanga m'thupi," namwino anatero. "Akachuluka amatha kuwononga impso. Mwabwera nthawi yabwino, koma timuyeza magazi. Madontho musiye kaye mpaka Lachinayi, tikaona zotsatira. Chakudya chija pitirizani." Anamanga kalamba ka mphira pamkono wa mwanayo. "Akuluakulu atatu m'nyumba imodzi, wonena zoona n'kukhala uyu."

Jakisoni atalowa, Dalaivala analira mpaka mawu kutha. Sisi anamugwira miyendo kuti asaphiriphithe, ndipo anamva kuchepa kwa miyendoyo m'manja mwake. Anayang'ana kumbali.

Pobwerera, Azakhali anabereka mwanayo, Amayi ali patsogolo. Njira yonse Sisi ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo ankaganiza kuti Azakhali akangofika ayamba kulongedza katundu.

Atafika pakhomo Amayi sanatulutse makiyi. Anapisa m'chikwama, natulutsa botolo lija, n'kuliika m'dzanja la Azakhali.

"Kuyambira lero lizikhala kwa inu, alamu," anatero. "Ine ndi Sisi sitiligwiranso."