Paketi Yopanda a Mapichesi

Mvula inamupeza mtsikana woluka tsitsi pasiteji ya basi, akuweruka kusaluni. M'tauni muno analibe m'bale ngakhale mmodzi. Akafika kunyumba ankatsegula wailesi, osati kuti amvere nyimbo, koma kuti m'chipindamo mumveke mawu a munthu.

Galimoto yonyamula katundu inaima patsogolo pake, dalaivala n'kutsitsa galasi.

"Achemwali, tsitsi lokongolalo lalakwanji kuti linyowe? Kwerani ndikakutuleni."

Anayamba wakana kaye, kenaka anakwera. Dalaivalayo ankagwira ntchito kusitolo yogulitsa zakudya zochokera kunja. Panjira anamupatsa kapaketi ka zilembo zachilendo, kong'ambidwa kale pakona.

"Maswiti a ku Japan awa. Talawani."

Mtsikanayo anasankha switi yakuda. Inali yofewa koma yokana kutafunika msanga, ngati mphira, kenaka kukoma kwa mphesa kunadzaza m'kamwa monse. Anaseka, chinthu chimene anali atayamba kuiwala.

"Basi," anatero dalaivala, "kuyambira lero ndinu Kamphesa."

Dzinalo linamukanirira, ndipo chikondi chinalowera pomwepo. Foni imene kale inkangolira alamu inayamba kulira mauthenga. "Wadya, mtima wanga?" "Chaka chisanathe ndikaonekera kwa amayi ako, ndikulonjeza." Kamphesa anaimbira mayi ake kumudzi n'kuwauza kuti wapeza munthu. Mayi anangoti, "Umudziwe bwino, mwanawe." Koma munthu akakonda makutu amakhala okongoletsa mutu basi.

Dalaivala ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo Lamulungu foni yake inkakhala yothima. Ankati ndi ntchito. Kamphesa ankakhala yekha pabedi, kudya switi imodzi patsiku kuti paketi ifike tsiku lodzamuonanso. Ikatha ankaisunga, nthawi zina n'kumainunkhiza. Kusungulumwa kumapusitsa.

Chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Papaketipo panali zithunzi za mphesa, mandimu, maapozi ndi mapichesi, koma m'katimo a mapichesi munalibe.

"Wokondedwa, nanga a mapichesiwa amapita kuti? Ndiponso bwanji paketi imabwera yotsegula?"

"Ndimakulawira panjira, kuopa angakupweteke," anaseka dalaivala. "Za zithunzizo usazitengere, amangojambula kuti tigule."

Loweruka lina kusaluni kunabwera mayi woyembekezera, wansangala, wolankhula ngati mwadziwana kalekale. Kamphesa anaima kumbuyo kwake n'kuyamba kuluka. Atafika pakati pa mutu, mayiyo anatulutsa kabotolo m'chikwama. Munali maswiti ofewa, ofiirira, amtundu umodzi okhaokha.

"Mimbayi yandivuta, asisi. Sindifuna china koma a mapichesi awa. Amuna anga amayendetsa galimoto kusitolo ya zakunja, ndiye amagula paketi n'kunditolera amenewa, imodziimodzi. Kuleza mtima kwake!"

Kamphesa anapitiriza kuluka.

"Nanga otsalawo?"

"Akuti amapatsa kamtsikana kena kovutika kamene amakapeza pasiteji. Kamawamvetsa chisoni. Ali ndi mtima wabwino bambo aja."

Madalaivala ndi ambiri, Kamphesa anadziuza. Masitolonso ndi ambiri. Koma woluka tsitsi amaima pamalo oipa: chilichonse cha pafoni ya kasitomala amachiona, afune asafune. Foni ya mayiyo inawala pamiyendo. Nkhope inali yomweija, kumwetulira komweko, ndipo pansi pake panali mawu amene Kamphesa anawaloweza kalekale: "Wadya, mtima wanga?"

Kamphesa anachotsa maso pafoniyo. Akawauza chiyani mayi ake?

"Munalawapo, asisi?" anafunsa mayiyo. "Manja anu ali ndi mafuta, tayasamulani."

Anatembenuka n'kumuika switi m'kamwa ndi dzanja lake. Inali yonunkhira, yofewa kuposa ena onse aja. Inalidi yokoma kuposa onse, ndipo n'chimene chinamuwawa kwambiri. Misozi inagwera patsitsi la mayiyo.

"Mwatani kodi?"

"Mafutawa andilowa m'maso, amayi."

Anamaliza kuluka mpaka chingwe chomaliza, mwaudongo, chifukwa mayiyo sanamulakwire kanthu. Anamugwirira kalilole kumbuyo, mayiyo n'kuyamikira kuti adzabweranso.

Ali pasiteji madzulo, uthenga unalowa. "Kamphesa wanga, mawa ndikubweretsera paketi."

Anauyang'ana nthawi yaitali, basi imodzi mpaka kumudutsa. Kenaka analemba: "Musavutike, bambo. A mapichesi ndalawa lero. Akazi anu andidyetsa okha."

Foni inayamba kulira. Anaithimitsa, n'kukwera basi yotsatira. Atafika kunyumba anatsegula wailesi.