Ulusi Wofiira wa Telala Lemson

Ku Makokoba, lokeshoni yakale ya mu Bulawayo, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, kunali telala wina wochokera ku Nyasalande dzina lake Lemson Kachere. Ankasokera pakhonde la kachipinda komwe ankakhalamo ndi mkazi wake Enelesi komanso mng'ono wake Hector, amene anamulera yekha makolo awo atamwalira. Makina ake anali otheratu, ndipo ntchito yomwe inkamupeza inali ya zigamba basi.

Lemson yemweyo ndiye ankatsogolera timu ya mpira ya Mphenzi. Dzina linali loopsa, koma timuyo inkangogonja. Bwalo linali m'manja mwa Akambuku, timu ya Davison Mwale. Akambuku akapambana, chikhamu chonse chinkathera ku hotela ya Davison kukadya ndi kuvina. Munthuyo anali ndi njinga yonyezimira, galamafoni, ndi masuti omwe sankasoketsa kwa Lemson.

Loweruka lina Akambuku atamwetsa Mphenzi zigoli zochititsa manyazi, Davison anaimitsa njinga pamaso pa Lemson.

"Musadandaule, achimwene," anatero mokweza. "Makabudula a anyamata anga ang'ambika pothamangitsa anuwa. Mawa ndikutumizirani muikemo zigamba."

Anthu anafa nalo phwete. Lemson anangomwetulira.

M'mawa mwake, anzake akupita kutchalitchi, iye analowera kuseri kwa mauvuni a njerwa. Kumeneko kunkakhala sing'anga wina wokalamba yemwe kale ankagwira ntchito kumigodi. Anthu ankangomutchula kuti Madala.

"Ngena, lowa, telala," anatero Madala, Lemson asanaodire n'komwe. "Wadzera mpira kapena chuma?"

"Zonse, Madala. Kwathu kuno ziwirizi zimayendera limodzi."

Mkuluyo anapisa dzanja m'chitini n'kutulutsa kafupa kokulungidwa ndi ulusi wofiira.

"Chaka chilichonse, pa masewero olimbirana chikho, usokerere ulusiwu mkati mwa kolala ya jezi imodzi. Wovala jeziyo adzathamanga moti palibe adzamugwire. Mudzapambana, ndipo anthu adzakutsata ndi matumba awo omwe."

"Nanga inu ndikulipirani chiyani?"

"Ine? Palibe. Ulusi umadzilipira wokha. Miyendo yothamanga tsiku limenelo imakhala yathamanga komaliza."

Lemson anafunsa, "Ndiye kuti munthuyo afa?"

"Ndani wanena za kufa? Adzangokhala pansi. Anthu ambiri amakhala pansi."

"Ndikafuna kuleka?"

"Ulusi ukatha pafupapo, waleka. Koma mvetsetsa. Ukadumphitsa chaka, kapena ukamuvula munthu jezi atavala kale, miyendo yolipira idzakhala yakoyo."

Lemson anayang'ana kafupako. Ulusiwo unkaoneka wochepa, wosokera kawiri kapena katatu. Anaulandira.

Pobwerera anadziona wochenjera. Sadzapweteka mnyamata wake ndi mmodzi yemwe. Adzanyengerera osewera a Akambuku kuti alowe Mphenzi, ndipo jezi ya ulusi adzaveka iwowo.

Woyamba anali Hamidi, katswiri wa Akambuku yemwe anali atakangana ndi Davison. Lemson anamusokera jekete laulere, Hamidi n'kusamuka. Tsiku la chikho anavala jezi yomwe Lemson anamupatsa pamanja, ndipo anathamanga moti otchinga kumbuyo a Akambuku ankangogwira mphepo. Mphenzi inatenga chikho koyamba. Patapita masiku ochepa, Hamidi anagwa ali pantchito yake yonyamula katundu kusiteshoni. Kuchipatala anamupima osapeza kanthu. Miyendo inangolobodoka ngati nsanza zonyowa.

Koma chikhamu chinali chitatembenuka. Aliyense ankafuna suti yosokedwa ndi bwana wa Mphenzi. Lemson anatsegula shopu, anagula makina atsopano, analemba atelala anzake ntchito. Magule a Mphenzi ndiwo ankadzaza holo, ndipo ku hotela ya Davison mipando inayamba kuchita fumbi.

Chaka chotsatira ananyengerera Jasper, wakutsogolo wa Akambuku. Chikho chinabweranso, ndipo Jasper naye anakhala pansi. Winanso anatsatira. Akambuku anasanduka timu yosekedwa ndi ana. M'lokeshoni anthu anayamba kunong'ona kuti Mphenzi imadya alendo.

Chimene chinkamusowetsa mtendere Lemson chinali kafupa kaja. Ankasoka chaka ndi chaka, koma ulusi sunkachepa.

Tsiku lina Enelesi anamupeza atadzitsekera kuseri kwa shopu, jezi ili pamwendo.

"Abambo, majezi a Mphenzi ndi obiriwira. Ulusi wofiirawo ngwachiyani?"

"Za utelala muzisiyira ine."

"Dzulo ndinakumana ndi mkazi wa Jasper akumuyendetsa mwamuna wake pawilibala. Sanandiyankhe moni."

Lemson anakankhira jeziyo pansi pa tebulo. "Kodi chikukusowani n'chiyani m'nyumba muno?"

Enelesi anatembenuka n'kutuluka.

Chaka chimenecho osewera a Akambuku onse anakana kusamuka, kupatula Bashiri, yemwe anakopeka ndi lonjezo la ntchito m'shopu. Tsiku la chikho bwalo linadzaza mpaka ena anakwera m'mitengo. Pansi pa mtengo womwe timu inkavalira, Lemson anagawa majezi mmodzimmodzi monga mwa nthawi zonse. Atangomupatsa Bashiri yake, woyimbira mpira anamuitana kuti akakambirane ndi Davison za nthawi yoyambira.

Pobwerera anapeza anyamata atavala kale. Bashiri anali chapatali, akupewa maso ake. Hector, yemwe tsopano anali kaputeni, ankadumphadumpha kutenthetsa thupi. Kolala ya jezi yake inali itapindika, ndipo mkati mwake munkaoneka kamzere kofiira.

"Hector, jezi imeneyo waitenga kuti?"

"Tasinthana ndi Bashiri, achimwene. Akuti yake imamuthina m'khwapa."

Lemson anamugwira phewa. Zala zake zinafika pakolala. Kukoka kamodzi kokha, jeziyo ikanavuka. Pomwepo anamva maondo ake akuzizira, ngati wina wawathira madzi, ndipo mawu a Madala anamubwerera.

"Hawu, achimwene, mukunjenjemera bwanji? Muli chiyani m'jezimu?"

Anyamata onse anacheuka kudikira yankho. Kutsidya kwa bwalo Davison anali ataima ndi manja m'thumba. Patebulo chikho chinkanyezimira padzuwa. Lemson anayang'ana nkhope ya mng'ono wake, kenako miyendo yake ya iye mwini.

Anawongola kolalayo bwinobwino.

"Mulibe kanthu. Kasewere."

Hector anasewera mpira womwe anthu a ku Makokoba anausimba mpaka kukalamba. Ankadutsa Akambuku ngati aima. Chigoli chilichonse bwalo linkagwedezeka, koma Lemson anakhala pabenchi atagwira maondo ake, osakweza mutu. Wezulo yomaliza italira, ochemerera anamunyamula Hector pamapewa n'kuzungulira naye bwalo akuimba. Atamutsitsa, anagwa chafufumimba. Anaseka, n'kuyesa kudzuka. Anagwanso.

"Achimwene, miyendo yanga sindikuimva!"

Enelesi anadutsa pakati pa anthu, anagwada, n'kutembenuza kolala ija kuti onse aone.

"Mufunseni mwamuna wangayu za ulusi uwu," anatero. "Mufunseni za Hamidi ndi Jasper."

Hector sanalire. Anangofunsa motsitsa, "Munkadziwa pamene munandigwira paja?"

Lemson anayang'ana kumbali. Anthu anamvetsa.

Tsiku lomwelo anyamata a Mphenzi anaunjika majezi awo pakati pa bwalo n'kuwatentha. Ambiri analowa Akambuku, omwe chaka chotsatira anatenganso chikho popanda wowavuta. Mphenzi sinaonekenso pabwalo. M'shopu ya Lemson simunalowenso munthu, ndipo atelala ake anathawa osatsanzika. Enelesi anagulitsa ziwiya zake, anamukweza Hector sitima, n'kubwerera naye kumudzi.

Lemson anathamangira kuseri kwa mauvuni, n'kupeza Madala akuwothera dzuwa.

"Bwezani miyendo ya mng'ono wanga! Tengani yangayi!"

"Unali nayo nthawi yoipereka," anatero Madala osatsegula maso. "Unaikana. Pita, ulusi sunathe."

Lemson anauponya ulusiwo pamoto, koma m'mawa anaupeza pamakina. Anautaya mumtsinje, n'kuupeza m'thumba la jekete. Posakhalitsa mutu wake unasokonekera. Ankayendayenda m'misewu ya lokeshoni ndi singano m'manja, akupempha aliyense wodutsa kuti amubwereke kolala. Amayi ankabisa ana awo akamuona. Tsiku la chikho litafikanso, palibe anavala jezi yake, ndipo chaka chinadumpha. Anamupeza m'ngalande m'mbali mwa msewu akukwawa ndi zigongono, ndipo mvula yoyamba isanathe anamwalira. Pamaliro pake panalibe woimba nyimbo.

Dyera limayamba ndi kunena kuti wopwetekedwa adzakhala mlendo. Koma munthu akazolowera kudyera miyendo ya anzake, tsiku lomwe m'bale wake waima kutsogolo kwake amapeza kuti mtima wokana unatha kalekale. Chuma cha zitsamba chimatenga okondedwa ako poyamba, iwe n'kukutsiriza pambuyo.