Magalasi Ovinitsa Njiwa

Kamaso anali mtsikana wokonda kuyang'anitsitsa zinthu. N'chifukwa chake kwawo ankamutchula Kamaso. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna agogo ake aamuna asangalalenso.

Agogo anali mlenje. Koma maso awo anali atafooka. Nyama zakutali sankazionanso. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde, ali duu.

Tsiku lina agogo anavala chipewa chawo.

"Tiye, mdzukulu wanga," anatero. "Tikagule magalasi oonera patali."

M'sitolo munali magalasi ambiri. Ena anali aakulu. Ena anali aang'ono. Onse anali ndi nambala.

"Nambalazi n'zachiyani?" Kamaso anafunsa.

Amayi ogulitsa anamwetulira. "Nambala ikakula, chinthu chimayandikira kwambiri."

"Basi, ndipatseni aakuluwo, a nambala 12," anatero agogo. "Mlenje sagula zidole!"

Agogo anaima pakhomo la sitolo. Kutsidya kwa msewu kunali njiwa padenga. Agogo anakweza magalasi aja. Njiwa inakula. Koma njiwa inkavina! Denga nalo linkavina. Msewu wonse unkavina.

Agogo anatsitsa magalasi. Anayang'ana manja awo. Manjawo ankanjenjemera pang'ono.

"Ndakalamba," anatero chapansipansi. "Maso akana. Manja nawo akana. Tiye tizipita."

Kamaso anaima pomwepo. Anayang'ana agogo. Anayang'ana magalasi. Anaganiza, naganiza.

"Agogo, ndiyeseko ine."

Magalasiwo anali olemera. Kamaso anawagwira zolimba. Anaipeza njiwa ija. Koma njiwa inkavinabe!

"Agogo! Kwa inenso ikuvina! Kodi inenso ndakalamba?"

Amayi ogulitsa anaseka. "Ayi, mwanawe. Manja a munthu aliyense amagwedezeka. Magalasi aakulu amakuza njiwa. Amakuzanso kugwedezeka kwa manja."

Kamaso anabwerera m'sitolo. Analoza magalasi a nambala 8. Anali opepuka. Anawayesa pakhomo. Njiwa sinakule kwambiri. Koma inakhala phee.

"Agogo, tayesani awa."

"Timagalasi timeneti?" anatero agogo.

"Tayesani chabe, agogo. Kamodzi kokha."

"Gwirani ndi manja awiri, bambo," anatero amayi aja. "Zigongono zigunde pachifuwa. Muzipuma pang'onopang'ono."

Agogo anagwira ndi manja awiri. Anapuma pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali. Kamaso ankangodikira.

"Mukuiona?" ananong'oneza.

"Ndikuiona," anatero agogo. "Ikukonza nthenga zake. Taona! Pambali pali inzake. Magalasi aakulu aja anandibisira imeneyo."

Agogo anagula magalasi a nambala 8.

M'mawa mwake anapita limodzi kutchire, agogo atanyamula mfuti yawo. Anakhala pansi pa mtengo. Agogo anatsamiritsa zigongono pamawondo. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko.

Kutali, udzu unagwedezeka. Panatulukira gwape. Agogo anamuyang'ana bwinobwino. Kenako anakankhira mfuti pambali.

"Lero mfuti igone," ananong'oneza.

"Chifukwa chiyani, agogo?"

"Taona wekha."

Kamaso analandira magalasi. Kumbuyo kwa gwape kunali kamwana. Miyendo yake inali yowonda ngati timitengo. Kankayamwa, kamchira kali pikupiku.

Kamaso anatsamira paphewa la agogo. Agogo anamukumbatira ndi dzanja limodzi.

"Mawa tibwerenso?" Kamaso anafunsa.

"Tibwerenso," anatero agogo. "Koma tandibwezera magalasi anga, iwe!"