Kalole ka Wamakiyi

Zinayamba ndi matope. M'mawa wina Wamakiyi analowa m'kachipinda kake kukatenga makiyi a kuntchito pa msomali pomwe ankawakoleka, ndipo anaona kuti matayala a kutsogolo a kalole kamene ankamanga ali ndi matope. Sanali matope a penti aja amene iye ankapaka ndi bulashi kuti galimoto ioneke ngati yachokera kutali. Anali matope enieni, ofiira, osauma n'komwe. Anawakhudza ndi chala, anawanunkhiza, kenako anayang'ana kudenga ngati kwadontha. Kudenga kunali kouma.

Dzina loti Wamakiyi analipeza kuntchito. Ndiye ankasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu pa holoselo ina yaikulu ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Anali munthu wosamwa, wosatsata mpira, wosachedwa panjira. Chake chinali chimodzi basi: timalole ta pulasitiki. Tinkabwera m'mabokosi, tizidutswa tokhatokha tolumikizana ngati minga za nsomba, ndipo madalaivala obweretsa katundu ndiwo ankamugulira akapita kutali. Madzulo akadya ankakhala patebulo pansi pa nyale, n'kumadula kachidutswa kalikonse ndi lezala, kukapala ndi sandipepa, kukagwira ndi kopanira, n'kudonthezera guluu ndi nsonga ya singano. Pashelefu panali timalole tomalizidwa ndandanda, koma katsopano aka, kofiira kumutu, kotalika ngati mkono wa munthu, ndiko kanamudya mtima. Anali atakaikira magalasi oonera kumbuyo aang'ono ngati chikhadabo cha khanda, matcheni a waya wa m'wailesi yakufa, ndi lona lophimbira katundu limene mkazi wake anamusokera ndi mpango wakale. Matayala ake ankazungulira ndithu.

Mkazi wakeyo anali telala, ankasoka pakhonde. Ankakonda kumuseka kuti, "Anzanu akugula magalimoto, inu mukugula ana a magalimoto. Adzakula liti amenewa?" Ana awo anali kusukulu yogonera konko. M'nyumbamo munalinso mlamu wake, mlongo wa mkaziyo, amene banja lake linatha n'kubwera ndi chikwama chimodzi. Wamakiyi anamupatsa chipinda cha kuseri kwa khitchini, n'kumupezeranso ntchito yonyamula katundu pa holoselo pomwepo.

"Mayi, mwalowa m'kachipinda muja?" anafunsa Wamakiyi m'mawa umenewo.

"Ndikatani? Mumati ndikasesa ndimasesera magiya anu kunja."

"Nanga inu alamu?"

Mlamuyo anasiya kutafuna, anapita kukaona, ndipo anabwerako akupukusa mutu. "Zachilendotu izi, alamu. Ngati kanapita kokayenda."

Onse anaseka, kupatula mkaziyo. Tsiku lomwelo, Wamakiyi atawerenga katundu kuntchito, anapeza kuti mabelo a shuga aperewera. Maloko anali abwinobwino, malata osang'ambidwa, mawindo osakhudzidwa.

Patapita masiku angapo, Wamakiyi anapeza kalole katatembenuka. Anakasiya kataloza khoma, koma m'mawa kanali kataloza khomo, ndipo pansi pa lona, kumbuyo konyamulira katundu, kunali shuga wongokwana kutsina ndi zala. Nyerere zinali zitapanga kale mzere kukwera mwendo wa tebulo. Anapukuta mwakachetechete osauza munthu, koma mkazi wake anali ataima pakhomo, atagwira pakamwa. Kuntchito shuga anasowanso.

Mkaziyo anauza mayi wa nyumba yoyandikana, n'kumulumbiritsa kuti asauze wina aliyense. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kumpope, kuchigayo ndi pamalo okwerera basi. Ena ankati timaloleto timakula usiku n'kukhala malole enieni. Ena ankati ayi, katundu ndiye amachepa n'kukwanamo. Mayi wina anati anali atadabwa kale kuti bambo wamkulu wa imvi zake angasewere bwanji ndi zidole popanda chifukwa. Kenako mlonda wa pa holoselo anadwala. Anagona m'nyumba atakulunga miyendo ndi nsanza, akubuula, ndipo aliyense wobwera kudzamuzonda ankamunong'oneza zomwezomwezo: kuti usiku wina anamva injini ikulira koma galimoto osaiona, kenako timagetsi tiwiri tating'ono tinadutsa pansi pa geti, ndipo kuyambira pomwepo miyendo yake inalemera ngati yathiridwa simenti.

Bwana wa holoselo anaitana Wamakiyi mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Za timagalimoto zo ine sindikuzidziwa," anatero. "Chomwe ndikudziwa n'choti maloko sakuthyoledwa, ndipo makiyi ali ndi inu. Takhala limodzi nthawi yaitali, n'chifukwa chake sindinaitane apolisi. Koma kukasowanso kanthu, mundimvetse."

Onyamula katundu anasiya kudyera naye pamodzi. Akamadutsa, nkhani inkaduka. Kunyumba, anthu anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ena osalowa n'komwe pakhonde, kungoimirira kumsewu n'kutuma mawu. Madzulo ena mwala unagwa padenga, n'kugubuduzika mpaka pansi.

Usiku umenewo mkaziyo sanagone. Anamva firiji ikulira n'kusiya. Anamva malata akuthetheka pamene ankazizira, galu akuuwa kutali, kenako bata lalikulu lija loti munthu amamva magazi ake m'makutu. Mdima unali wothithikana moti sankaona ngakhale dzanja lake. Ndiyeno, kuchokera kuseri kwa khoma, anamva kaphokoso kakang'ono, kosathamanga, ngati chinthu chikugudubuzika pa thabwa. Kanaima. Kanayambanso. Anagwedeza mwamuna wake.

"Bambo," ananong'ona. "Kakuyenda."

Wamakiyi anadzuka, anamvetsera, koma panalibenso kanthu. Anayatsa nyale n'kupita kukaona. Kalole kanali m'mphepete mwenimweni mwa tebulo, matayala a kutsogolo atatsala pang'ono kulendewera, ndipo m'kachipindamo munkamveka fungo la dizilo. Makiyi anali pa msomali pomwepo, akugwedera pang'ono, koma maso ake anali pa kalole.

Kutacha, mkaziyo analankhula asanateleke n'komwe madzi.

"Tenthani timeneti. Tonse."

"Ndi pulasitiki, mayi. Pulasitiki ndi guluu. Munali pomwepa ndikumata."

"Ndinaona masana. Za usiku sindikuzidziwa." Anayang'ana pansi. "Ndiuzeni zoona, bambo a ana anga. Mabokosi aja mumangogula, kapena pali kwina komwe mumapita nawo?"

Wamakiyi anamuyang'ana nthawi yaitali. Pa zonse zimene anthu ananena, palibe chimene chinamulasa ngati funso limeneli. Anavala jekete, anatenga makiyi, n'kutuluka. Mlamu wake anamupeza panjira n'kumugwira paphewa.

"Musadandaule, alamu. Ine ndili nanu. Koma mwina achemwali akunena zoona, zinthu zina munthu amatha kukhala nazo osadziwa."

Kuyambira tsiku limenelo mkaziyo anasamukira m'chipinda cha ana, chimene chinayang'anizana ndi kachipinda ka timalole. Anati akuopa kugona pafupi ndi mwamuna wake, koma atagona yekha anapeza kuti mantha akula. Ankasiya chitseko chotsekula pang'ono kuti ngati chinthucho chituluka, achione, ngakhale sankadziwa kuti akachiona adzatani. Wamakiyi naye anasiya kukhala patebulo madzulo. Mabotolo a penti anauma pakamwa. Ankangogona chagada, maso kudenga, ndipo m'nyumbamo anthu ankalankhulana za mchere ndi sopo zokha.

Mausiku angapo anadutsa popanda kanthu. Kenako kunagwa mvula yamawawa, yosalekeza, ndipo mkaziyo anadzidzimuka mumdima osadziwa chimene chamudzutsa. Anamvetsera. Chitseko cha kukhitchini chinalira pang'ono, monga chinkachitira munthu akachinyamula kuti chisakhule pansi. Kunamveka mapazi opanda nsapato, onyowa, akumata pasimenti n'kumatuka. Anadutsa pafupi ndi mutu wake penipeni. Kenako m'kachipinda muja munaoneka kuwala kofiirira, kofooka, kukuyendayenda pakhoma.

Anadzuka n'kusuzumira.

Kuwalako kunali kwa foni yophimbidwa ndi zala. Munthu anali atawerama patebulo, malaya atanyowa kumsana. Anakoleka makiyi pa msomali mosamala kuti asalire. Kenako anatulutsa m'thumba kachivindikiro ka botolo kodzaza matope, anasankha bulashi imodzi m'kapu ya mwamuna wake, n'kuyamba kupaka matayala, limodzilimodzi, lilime lili kunja ngati mwana wophunzira kulemba. Atatha anakankha kalole ndi chala, ndipo kaphokoso kaja kanamveka, komweko kamene kanamusowetsa tulo.

"Iwe," anatero mkaziyo.

Mlongo wake anatembenuka, foni n'kugwa pansi. "Achemwali, chonde musakuwe."

"Ndiwe?"

"Tsitsani mawu. Ndikufotokozerani." Anatola foni ija. "Tsiku loyamba lija sindinafune. Pobweza makiyi ndinakagunda, kanatsala pang'ono kugwa, ndiye ndinakagwira ndi manja amatope. Koma m'mawa nditaona mmene nkhope yanu inasinthira, ndinadziwa kuti anthu akhulupirira. Maloko akapanda kuthyoledwa, anthu amafunsa kuti m'nyumba ya makiyi mumagona ndani. Ndinafuna asafunse zimenezo."

"Nanga mlonda uja?"

"Tili limodzi. Sakudwala."

"Unkadya m'mbale mwake. Anakupemphera ntchito kwa bwana atavula chipewa."

"Alamu akachotsedwa apeza ina, ndi munthu wa mapepala. Ine akandigwira ndi ndende, achemwali. Tinayamwa bere limodzi. Bwererani mukagone, mawa ndinyamuka, simudzandionanso. Simunaone kanthu."

Mkaziyo anaima pamenepo, mvula ikuwaza padenga. Uyu anali mwana amene iye anamubereka kumsana mayi awo ali kuntchito, amene anamupukuta mamina, amene anamumenyera nkhondo kusukulu. Anatambasula dzanja, anapapasa khoma, n'kuyatsa getsi.

"Bambo," anaitana mokweza. "Tadzukani mudzaone dalaivala wanu."

Wamakiyi anabwera atafunda bulangeti. Anayang'ana mlamu wake, kachivindikiro ka matope, makiyi akudontha madzi pa msomali. Sanakalipe. Anatenga bulashi ija m'dzanja la mlamuyo, anaitsuka m'kapu ya madzi, anaiwongola nsonga ndi zala, n'kuibwezera pamalo pake.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Kukacha tipitira limodzi kwa bwana. Mukalankhula ndinu."

Anakhala atatuwo mpaka kunja kunayera. Nthawi ina mkaziyo anati, "Bambo, funso lija," koma Wamakiyi anangoti, "Ndamva, mayi," n'kumusunthira mpando kuti akhale pafupi.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Katundu wambiri anapezeka m'chipinda china chimene mlamuyo ndi mlonda uja ankachita lendi kuseri kwa msika. Apolisi atafika kwa mlonda, miyendo yolemera ija inalumpha mpanda wotalika kuposa munthu, koma anamugwira asanafike patali. Bwana anapepesa, makiyi anakhalabe ndi mwini wake. Mkaziyo ankapita kukaona mlongo wake kundende atanyamula chakudya.

Koma anthu sanabweze nsalu zawo. Kumpope nkhani inangosintha malaya. Ankati munthu wanzeru zake angavomere bwanji mlandu mosavuta chonchija, ngati sanamutembenuze mutu? Ankati mlamuyo wangosenzetsedwa, mwini zinthu ali phee m'nyumba mwake.

Madzulo ena, Wamakiyi atayambiranso kukhala patebulo lake, panamveka odi wapansipansi. Anali bambo wovala bwino, mwini sitolo ina ya kumsika, atagwira chipewa pachifuwa. Anayang'ana kumbuyo asanalowe.

"Ndamva mbiri ya ntchito yanu," anatero. "Ndimafuna kamodzi."

Nkhope ya Wamakiyi inawala. Kwa nthawi yonseyi anali asanapezepo munthu wokonda zimenezi. Anamulowetsa m'kachipinda, anatsitsa bokosi latsopano, n'kuyamba kumuonetsa tizidutswa ta injini ndi mmene amayambira ndi fulemu.

Mlendoyo sanayang'ane n'komwe. "Ayi, bambo, osati izi," ananong'ona. "Koyenda kaja."

Wamakiyi anafotokoza zonse bwinobwino: za makiyi, za matope a m'kachivindikiro, za mlonda, za khoti. Bamboyo ankangogwedeza mutu, akumwetulira mwaulemu.

"Ndamva, ndamva. Zotere sizikambidwa pali anthu." Anaponya diso kwa mkaziyo amene anaima pakhomo. "Ndidzabweranso mayi akadzachokapo. Za mtengo musade nkhawa."

Anatuluka chafutambuyo, osafuna kufulatira shelefu, mpaka anafika pakhonde n'kuzimirira mumdima. Wamakiyi anatsala ataima, bokosi lili m'manja.

"Uyu si woyamba," anatero mkazi wake, akukhoma chitseko. "Ena amabwera masana inu muli kuntchito, ndimawabweza pakhonde. Wadzulo anatchula ndi sitolo imene akufuna kuti kakayambire."