Kabotolo Konunkhira Mango

Chancy atazungulira kuseri kwa chigafa cha fodya anapeza kabotolo kake kali chogona pansi, chitsekero chili poteropo. Madzi achikasu amene m'mawa anali atafika pakati pa kabotoloko anali atatsala pang'ono zedi. Anakatola msanga n'kukalowetsa m'thumba la kabudula. Nthawi yomweyo anamva alamu ake akulira pakhonde.

"Luntha, mwana wane, wadya chiyani? Tandiyang'ana."

Luntha anali mwana wa achimwene ake, a Lucious, kamtsikana ka zaka zitatu kosadziwa kukhala pansi. Tsopano anali lefu pamiyendo ya amayi ake, a Evelyn, akusanza, dovu likuyenderera pachibwano, thukuta lili kamukamu thupi lonse. A Lucious anatuluka m'chigafa akuthamanga, m'manja muli bii ndi utomoni wa fodya amene ankasoka.

"Chancy, ukungoima bwanji? Thamangira kumsewu ukaitane njinga zamoto ziwiri."

Chancy anathamanga, kabotolo kaja kakumenya pantchafu pake.

Vepu inalowa m'moyo wa Chancy ali Fomu 2. Mnzake wa m'kalasi, Levi, anabwera nayo kuchokera kwa msuweni wake wa ku Lilongwe. Kanali kachipangizo kakuda, kotalika ngati chala chapakati, kokhala ndi batire ndi kathanki kothiramo madzi onunkhira. Ukakoka, m'kamwa mumadzaza nthunzi yokoma ngati switi.

"Uyu si fodya ayi," anatero Levi tsiku limenelo. "Fodya ndi wa madala a kuchigafa. Izi ndi za anthu ozitsata."

Chancy anapereka nkhunda zake zinayi, vepu n'kukhala yake. Kuyambira pamenepo panapita chaka ndi miyezi isanu, ndipo panalibe tsiku limene anagona osaikoka. Ankaisamala kuposa nsapato zake za kusukulu. M'mawa uliwonse ankapukuta pokokera ndi kansalu koyera. Masana anthu akapita kumunda ankazula foni ya achimwene ake pa sola n'kulumikizapo vepu, ndipo akamva mapazi ankabwezeretsa foniyo. Loweruka linali tsiku lomasula zonse: kutsuka kathanki ndi madzi ofunda, kukayanika pamthunzi, kuyang'ana kawaya kotenthetsa kamene Levi ankati koyilo. Nthunzi ikayamba kununkha chopserera, ankadziwa kuti koyilo yatha, ndipo ankapalasa njinga mpaka ku Mtunthama kwa mnyamata wokonza mafoni amene ankagulitsa zinthuzi mobisa. Nkhunda zinapitirira kuchepa m'khola. Ku mpira ankayamba kupuma wefuwefu chigawo choyamba chisanathe, mpaka aphunzitsi a zamasewera anamuchotsa pa nambala seveni n'kumuika pa benchi. Iye ankati ndi chimfine.

Sabata ziwiri zapitazo botolo lenileni la madziwo linang'aluka. Linali ndi chitsekero cholimba chimene mwana sangatsekule. Chancy anakhuthulira madziwo m'kabotolo ka juwisi kamene anatola, kokhala ndi chithunzi cha mango. M'mawa wa Loweruka limene Luntha anadwalali, Chancy anali kuseri kwa chigafa akudzaza kathanki pamene achimwene ake anamuitana kuti adzanyamule mikangala, mitengo yoyanikapo fodya. Anaika kabotolo panjerwa, chitsekero chongogwirizira, akuti abwera pompano. Mikangala inamutengera ola lathunthu.

Njinga zamoto zitafika, a Evelyn anakwera yoyamba. Chancy ndiye ananyamula Luntha kuti awapatsire. Mutu wa mwanayo unagwera paphewa pake, ndipo pakolala ya diresi panamveka fungo la mango. Unali mwezi wa Malichi, mango anali atatha kalekale m'mitengo. Palibe wina analimva fungolo, poti bwalo lonse linali kununkha fodya wamuwisi.

Chipatala chaching'ono cha m'deralo chinali pamtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Dokotala, mayi wamfupi wovala magalasi, anagoneka Luntha pabedi, namuyang'ana m'maso ndi tochi, namvetsera kugunda kwa mtima.

"Mwanayu wamwa chinachake chakupha," anatero. "Pakhomo panu pali mankhwala anji? Opopera fodya, ophera makoswe, othira m'chimanga?"

A Lucious anatembenukira kwa akazi awo pang'onopang'ono.

"Amake Luntha, dzulo ndinakuuzani kuti mutsuke ndowa yosungunuliramo mankhwala opopera. Munaiika kuti?"

"Ndinatsuka ndi sopo, n'kuivundikira pathandala."

"Madzi otsukirawo munataya kuti?"

"Kudzala, monga mwa masiku onse."

"Monga mwa masiku onse," anabwereza a Lucious. "Ndiye mwanayu wamwa chiyani? Ine ndili m'chigafa kuyambira m'bandakucha. Mwana anali ndi ndani? Ntchito yanu n'chiyani pakhomo paja?"

"Bambo, zokangana mukachitire panja," anatero dokotala uku akulowetsa singano ya diripi padzanja la Luntha. Mwanayo sanalire n'komwe, ndipo zimenezi ndi zimene zinamuopsa kwambiri Chancy.

Chancy anafuna kuulula za kabotolo kaja, koma anaopa. Anaganiza za nkhope ya bambo ake, mkulu wa mpingo amene analima fodya zaka makumi atatu koma osaikapo ndudu pakamwa ngakhale tsiku limodzi. Anaganiza za ahedi, za anzake omuseka. Anadziuza kuti mwina Luntha anangotaya madziwo pansi, mwina ndi ndowa ija ndithu. Anatuluka mwakachetechete.

Kuseri kwa zimbudzi za chipatala kunali mtengo wa keshya. Chancy anatsamira pamenepo. Asanaganize n'komwe, dzanja linali litalowa kale m'thumba, vepu ili pakamwa. Anakoka kamodzi, kawiri. Nthunzi inatuluka ndi fungo lomwe lija la pakolala ya Luntha. Anayang'ana kachipangizoko, kali phuliphuli chifukwa cha kupukutidwa m'mawa womwewo. Mwana ali pa diripi chifukwa cha iye, iye ali kuseri kwa chimbudzi akukoka chinthu chomwecho. Analavula kangapo, koma kukoma kuja sikunachoke palilime.

Atabwerera anapeza alamu ake atakhala pansi pakhonde la chipatala, miyendo atatambasula, chitenje atafunda kumutu. A Lucious anali chapatali akulankhula pafoni, ndipo mawu awo ankamveka bwinobwino.

"Eya, amayi, ndi ndowa ya mankhwala. Kusasamala basi. Mwanayu akapanda kudzuka, mkaziyu abwerere kwawo ku Simlemba. Ine sindingathe."

A Evelyn anakweza maso n'kuyang'ana Chancy. Ndi iwo amene ankamusungira mbatata yootcha akachedwa kusukulu, ndi iwonso amene anamusokera yunifolomu itang'ambika pamsana.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ndakhala ndikuganiza. Mwina sindinatsukuluze bwino ndowa ija. Ndinkathamangira mphika pamoto. Mwina ndine ndithu. Chiuta andikhululukire."

Chancy sanayankhe. Anamva ngati wina wamusenzetsa belo la fodya pachifuwa.

Posakhalitsa dokotala anatuluka ndi kabotolo kakang'ono ka jakisoni m'manja. A Lucious anadula foni n'kuyandikira.

"Ndikufuna kumubaya mankhwala olimbana ndi poizoni wa zopopera mbewu," anatero dokotala. "Koma pali zina zimene sizikugwirizana. Mwanayu sakununkha mankhwala opopera. Ndikapereka mankhwala amphamvu ndisakudziwa chimene wamwa, ndikhoza kuwonjezera vuto. Ndikufunsanso komaliza. Pali amene anaona chimene mwanayu anagwira?"

"Ndi ndowa, adokotala, bayani," anatero a Lucious.

"Si ndowa."

Onse anatembenuka. Chancy anali atatulutsa kabotolo ka juwisi ndi vepu, zonse zili pachikhatho.

"Wamwa izi. Ndi zanga. Ndinazisiya panjerwa kuseri kwa chigafa osatseka bwino."

Dokotala analanda kabotoloko n'kukanunkhiza. "Munali madzi ochuluka bwanji?"

"Anafika apa." Chancy analoza pakati. "Ena anatayikira pansi, dothi linali lonyowa."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma naini."

"Pabotolo lake lenileni panalembedwa nambala yanji?"

Chancy anatchula nambalayo mosazengereza. Ankaidziwa bwino kuposa masamu aliwonse a m'kalasi. Dokotala anabwezera jakisoni uja m'thumba la gauni n'kulowa mwachangu, akuitana namwino.

A Lucious anatenga vepu ija n'kuitembenuzatembenuza. "Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi chosutira, achimwene. Amathiramo madziwo."

"Wayamba liti?"

"Ndili Fomu 2, mu teremu yoyamba."

"Ndipo kunyumba kuja, pamene mwana ankasanza, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene ndinkakalipira alamu ako m'chipindamo, unkadziwa?"

Chancy anagwedeza mutu movomera, maso ali pansi. Ankayembekezera khofi, ndipo mumtima ankalifuna. Koma a Lucious anangoika vepuyo pabenchi ngati chinthu chotentha, napita kukaima kumapeto kwa khonde atafulatira. A Evelyn anadzuka, namanga chitenje, nalowa kwa mwana wawo.

Dzuwa litapendeka, Luntha anatsekula maso n'kupempha madzi. Dokotala anati agone komweko masiku awiri kuti amuyang'anire. Kenako anaitanira Chancy muofesi yake.

"M'madzi awa muli chikonga, chomwe chija cha mu fodya amene mukusoka kwanu, koma chosungunula ndi choonjeza mphamvu," anatero. "Mwayi wake ndi woti wambiri anatayika, wina anasanza. Akanameza yense, bwenzi tikunena zina. Ukanalankhula mutangofika, tikanapulumutsa ola lathunthu." Anatsekera vepu ndi kabotolo m'dirowa. "Izi zitsala kuno. Masiku akubwerawa mutu uzikupweteka, uzipsa mtima, tulo tizivuta. Ukaona kuti zakukulira, ubwere, usapite kwa amene anakugulitsa."

Zinachitikadi momwemo. Masiku atatu otsatira Chancy ankangomva mutu kulemera, ndipo dzanja linkapita lokha m'thumba lopanda kanthu. Bambo ake anamuitana pansi pa mtengo, namufunsa mafunso ochepa, kenako anati, "Ndamva," n'kudzuka. Mawu amodziwo anamupweteka kuposa chikwapu.

Koma nkhani inali itamuthawa kale. Foni ija ya a Lucious inafika kwa amayi, amayi anauza oyandikana nawo amene anabwera kudzafunsa, ndipo pofika Lamulungu mudzi wonse unkadziwa kuti mkazi wa ku Simlemba uja wamwetsa mwana mankhwala a fodya chifukwa cha ulesi. Zoona zake zinangothera m'banjamo. Amayi anati nkhani za m'nyumba sazitulutsa, ndiponso mnyamata ali pafupi kulemba mayeso, asachititsidwe manyazi. A Lucious anapepesa akazi awo kuchipinda, koma kunja sananene kanthu.

Lachitatu masana, Luntha atatuluka m'chipatala, Chancy anaona alamu ake akubwera kuchokera ku mjigo ndi ndowa yopanda madzi. Anaiika pansi pakhonde n'kukhala pambali pake, maso ali ofiira.

"Mjigo wawonongeka, alamu?" anafunsa Chancy. Aka kanali koyamba kuwalankhula chibwerere kuchipatala.

"Mjigo uli bwino. Nditafika, amayi ena anakoka ana awo kuwachotsa pafupi ndi ndowa yanga. Wina anati ndiyambe ndaitsuka kaye ndisanaiike pamzere."

"Alamu, ndikhululukireni. Ndinalakwa kwambiri."

A Evelyn anamuyang'ana. "Za kabotolo ndinakhululuka tili kuchipatala komwe. Munaiwala, aliyense amaiwala. Chimene chikundivuta ndi chija cha pakhonde. Ndinakuuzani kuti mwina ndine, inu munandiyang'ana n'kukhala chete."

Luntha anatuluka m'nyumba akukoka chitenje cha amayi ake, pulasitala ikadali padzanja pomwe panali diripi, n'kudzakhala pamwendo pa Chancy monga ankachitira kale, osadziwa kanthu. Chancy anamunyamula bwinobwino n'kumupereka kwa amayi ake. Kenako anatola ndowa ija.

"Ku mjigo kukadali anthu?"

"Adzaza. Ino ndi nthawi yake."

Amayi ake a Chancy anatuluka m'khitchini. "Chancy, ukupita kuti ndi ndowa? Usakayambitse zina kumeneko. Anthu aiwala okha."

"Saiwala, amayi. Ndikubwera."

Njira ya ku mjigo inkadutsa pakati pa minda ya fodya amene anali atathyoledwa masamba a m'munsi. Chancy anayenda mutu ukugunda. Atayandikira anaona amayi oposa khumi, ena a mvano a kumpingo kwa bambo ake, ndi atsikana awiri a m'kalasi mwake. Macheza anazizira ataona ndowa imene ananyamula. Anaiika pamzere, pakati penipeni pa ndowa zina.

"Ndowa iyi ilibe mankhwala," anatero. "Alamu anga sanalakwe chilichonse. Amene anadwalitsa Luntha ndine, ndipo ndabwera kuti ndikuuzeni mmene zinakhalira."

Mayi amene ankapopa anasiya chogwirira, madzi n'kuleka kutuluka. Chancy anayamba kufotokoza kuyambira pachiyambi.