Batani Limene Anadina Osawerenga

Anadziwana chifukwa cha kachizindikiro kofiira.

Changu anali atangotha sabata imodzi pa kampani ina yotumiza mankhwala ku zipatala zing'onozing'ono. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a mu ofesi, poti ankalemba mapulogalamu ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Tsiku limenelo anatumiza ntchito yake yoyamba n'kutsamira pampando, kudikira kuti amuyamikire. Koma pa sikirini panangotuluka chizindikiro chofiira. Ntchito yakanidwa.

Anafunsa mokweza kuti ndani anapanga makina amwano chonchi. Kenako mtsikana wina wokhala pafupi ndi windo anavula mahedifoni n'kutembenuka.

"Ndine. Mwaiwala kuti chipatala chikhoza kutumiza lipoti lopanda tsiku. Konzani mzere wa 14."

Mtsikanayo ankamutcha Mlonda, ndipo dzinalo linkamukhala. Madzulo alionse zipatala zinkatumiza pa foni kuchuluka kwa mankhwala amene atsala. Manambalawo ankapita ku makompyuta akutali a pa intaneti, kumene a mu ofesiwo ankangoti kumtambo. Kumeneko ankadutsa mu njira imene ankaitcha paipi, n'kutuluka ali mndandanda wouza madalaivala zoti anyamule ndi kumene apite. Aliyense wofuna kusintha kanthu mu paipiyo ankadutsa zipata ziwiri. Choyamba chinali mayeso odziyendera okha, amene Mlonda analemba ndi manja ake. Chachiwiri, munthu wina ankayenera kuwerenga zosinthazo n'kudina batani lovomereza. Zikatero zinkalowa zokha pa ntchito.

Changu anakonza mzere wa 14, chizindikiro n'kubiriwira. Ndiye poti manyazi analibe, anatumiza meseji.

"Amlonda, chipata cha kuntchito mwanditsegulira. Nanga cha kumtima mumatsegula nthawi yanji?"

Yankho linabwera patatha ola lathunthu. "Mayeso a kumeneko ndi ovuta kuposa awa."

Anawakhoza ndithu, ngakhale kuti zinamutengera miyezi itatu. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala awiri pa masitepe a kuseri kwa ofesi, akugawana buledi ndi nthochi, hedifoni imodzi khutu la uyu, ina khutu la uyo. Changu ankamutcha duwa langa, wapamtima, mayi wa kunyumba, zonse zimene pakamwa pa mnyamata wokopa pamatuluka. Mlonda sankadziwa kunyengerera ndi mawu. Chikondi chake chinali kumusungira tchaja, kumukumbutsa kumwa madzi, ndi kumuseka akadzitama.

Ndipo kudzitama Changu ankadzitamadi. Ndi iye amene anawonjezera kaundula mu paipi, woti aliyense akasintha ngakhale kadontho, dzina lake ndi nthawi zizilembedwa zokha, osafufutika. Sabata yonse ankayenda mu ofesi akuuza aliyense kuti paipi yawo tsopano siiwala.

Tsiku lina pa masitepe paja anamugwira dzanja. "Ine sindidzakuchititsa manyazi pamaso pa anthu, wapamtima. Ulembe penapake."

"Sindilemba. Ndasunga," anatero Mlonda.

Kenako linafika Lachisanu lija.

Achemwali ake a Changu, amene anamulera makolo atamwalira, anabwera kudzacheza kwa tsiku limodzi lokha. Ankadikira kunyumba kuti 5 koloko aone mtsikana amene mlongo wawo ankangomutchula pa foni. Pofika 4 koloko, Changu anali asanamalize ntchito ya sabatayo, yolola zipatala za kumene netiweki imavuta kutumiza lipoti kachiwiri likakanika koyamba.

Anaitumiza ku mayeso. Chofiira. Anayesanso. Chofiira. Mayeso amene ankakana anali amodzi okha, oonetsetsa kuti lipoti la chipatala chimodzi lisawerengedwe kawiri. Anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana Mlonda, amene ankadziyang'anira pa galasi la foni akusintha ndolo, mantha okaonana ndi achemwali ali pankhope. Kodi akanamuuza bwanji kuti akhale maola ena awiri akufufuza?

Anadziuza kuti mayesowo ndi akale, sakudziwa za ntchito yatsopanoyi. Anadziuza kuti Lolemba m'mawa adzakonza bwinobwino. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu. Analemba mizere itatu youza paipi kuti idumphe mayesowo, n'kuikwirira pakati pa mizere ina 200. Chizindikiro chinabiriwira.

"Duwa langa, ungodinako. Zonse zabiriwira. Achemwali akudikira," analemba.

"Mizere 200? Ndiwerenge kaye."

"Ukundikayikira?"

Mlonda anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kuchokera pa windo paja. Anamwetulira. Chiyambireni ntchito anali asanavomerezepo chinthu osawerenga, olo cha amanijala. Anadina.

"Za iwe sindiwerenga. Ndimakukhulupirira."

Changu anawerenga mesejiyo. Anatseka laputopu msangamsanga.

Kunyumba zinayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera. Tiyi asanazizire, achemwali anali atayamba kale kunena kuti alamu anga, n'kumaulula mmene Changu ankalirira akamusambitsa ali mwana. Pomuperekeza mlendo anakokera mlongo wawo pambali n'kumuuza kuti akamutaya mtsikana ameneyu asadzapondenso kwawo.

Lolemba linafika, Changu anakumbukira mizere itatu ija, koma panali misonkhano iwiri ndi ntchito ina yatsopano. Anati mawa.

Lachiwiri m'mawa mafoni anayamba kulira. Paipi inali itagwira ntchito yake mokhulupirika masiku onse atatu, kuwerenga kawiri lipoti lililonse lotumizidwa kawiri. Zipatala 11 zinkaoneka ngati mashelefu azo ndi odzaza, ndiye magalimoto a Lolemba anazidutsa. Namwino wina anaimba, akuti mankhwala a ana odwala mphumu anatha dzulo, ndipo wabweza amayi atatu ana ali kumsana. Foniyo inali pa sipika. Ofesi yonse inamva.

Changu anadziwa nthawi yomweyo. Anthu akuthamanga uku ndi uku kukonza zotumiza galimoto yapadera, iye anatsegula laputopu mwakachetechete, n'kufufuta mizere itatu ija, n'kukonza cholakwika chenichenicho. Sizinamutengere ngakhale mphindi 20. Mphindi 20 zokha, zimene Lachisanu anaziona ngati chaka! Anapempha mnzake wina kuti avomereze msanga poti ndi zadzidzidzi, mnzakeyo n'kudina. Mlonda anali atabwera kudzakhala pampando woyandikana naye, akulemba maina a zipatala zija papepala.

Masana amanijala anaitanitsa msonkhano. Anali mayi wosakonda kukweza mawu, ndipo n'chifukwa chake anthu ankawaopa. Anathokoza Changu chifukwa chokonza vutolo mwachangu. Kenako anafunsa mafunso awiri: mayeso oletsa zimenezi analemba ndani, ndipo ntchito ya Lachisanu anavomereza ndani?

"Ndine, zonse ziwiri," anatero Mlonda.

"Munawerenga musanavomereze?"

"Ayi."

Amanijala anati pofika Lachisanu m'mawa akufuna lipoti lofotokoza chifukwa chake mayesowo sanagwire cholakwikacho. Padakali pano Mlonda amulanda mphamvu yovomereza ntchito za anzake, ndipo za tsogolo lake pa kampanipo akambirana akawerenga lipotilo. Anafunsa ngati pali wina ali ndi choonjezera.

Changu anayang'ana mabotolo a madzi a patebulo. Anaganiza za ntchito yake, za achemwali ake amene ankamunyadira, za mmene amanijala anali atangomuyamikira kumene. Anakhala chete, ndipo anadziwa bwinobwino kuti akuchita chinthu chonyansa.

Kuyambira pamenepo chikondi chake chinachita kusefukira. Lachitatu anamugulira Mlonda chokoleti. Anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. Mameseji ankangogwa ngati mvula.

"Usadandaule duwa langa, zitha izi."

"Ndili nawe mpaka kalekale."

"Wadya koma, mayi wa kunyumba?"

Mlonda ankayankha mawu amodzi amodzi. Kangapo konse ankasiya kulemba n'kumuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akudikira basi yochedwa. Changu ankathawitsa maso. Chakudya sichinkamulowa. Achemwali ataimba kufunsa za alamu awo, ananama kuti ali pamsonkhano. Akatseka maso ankamva mawu a namwino uja, akawatsegula ankaona mpando wa pa windo, pamene anzawo tsopano ankadutsa osaima. Kodi munthu ungagule chokoleti chochuluka bwanji kuti chikwirire mizere itatu?

Lachinayi masana analephera kupirira. Anamupeza Mlonda pa masitepe paja atakhala yekha, laputopu ili pamiyendo. Anakhala pansi, sitepe imodzi kumunsi kwake, n'kuulula zonse: wotchi, mayeso, mizere itatu, mantha. Analankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika, akumutcha maina onse okoma amene ankawadziwa.

Mlonda sanadabwe. Anangotembenuza laputopu kuti aone. Pa sikirini panali kaundula uja, amene Changu anapanga yekha, ndipo mizere iwiri inali itaikidwa chizindikiro chachikasu. Lachisanu, 4:12, dzina lake, kudumpha mayeso. Lachiwiri, 10:40, dzina lake, kufufuta.

"Ndinaona Lachiwiri, tisanalowe mu msonkhano," anatero.

Changu anafunsa chifukwa chake sananene.

"Ndimafuna unene wekha. Amanijala atafunsa ngati pali woonjezera, ndinawerenga mpaka teni mumtima. Ndinati Changu wanga ayankhula." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Za Lachisanuzi ndikanakukhululukira. Unalakwa, inenso ndinalakwa, sindinawerenge. Koma za Lachiwirizi, unali utakhala pambali panga. Ine ndikulemba maina a zipatala, iwe ukufufuta mapazi ako."

"Ndimakukonda, wapamtima. Ndinangochita mantha."

"Ndikudziwa kuti umandikonda. N'zimene zikundiwawa."

Mlonda anamuuza kuti lipoti walemba kale, ndipo muli zoona zokhazokha, za iye mwini ndi za Changu yemwe. Alipereka mawa 9 koloko. Ngati Changu akufuna kuti amanijala amve kuchokera pakamwa pake, ofesi imatsegulidwa 8. Anatseka laputopu, n'kutulutsa m'chikwama chokoleti chija chosatsegula, n'kuchiika pa sitepe.

Lachisanu 8 koloko Changu anagogoda kwa amanijala. Pa msonkhano wa m'mawa anaimirira pamaso pa gulu lonse n'kubwereza zomwezo. Amanijala anamupatsa kalata ya chenjezo lomaliza, n'kulamula kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi ntchito yake iliyonse iziwerengedwa ndi anthu awiri. Anamudzudzula Mlonda chifukwa chodina osawerenga, koma anamubwezera mphamvu zake. Sabata yomweyo Mlonda anasintha paipi kuti munthu akangoyesa kudumpha mayeso, uthenga uzipita kwa gulu lonse.

Changu ankaganiza kuti poti waulula, zina zonse zibwerera m'malo. Anatumiza meseji yaitali yopepesa, ina yolonjeza, ina yongoti wasowa. Yankho linabwera limodzi.

"Mwachita bwino kunena. Koma za ife zija zatha. Chonde musandivutitse."

Achemwali atamva sanakalipe monga ankayembekezera. Anangofunsa ngati ana a mphumu aja analandira mankhwala. Atawauza kuti analandira Lachitatu, anati chabwino, n'kudula foni.

Patatha mwezi, Changu anali ndi kantchito kakang'ono kosintha mutu wa lipoti la madalaivala. Mizere inayi yokha, yoti ngakhale wophunzira kumene sangalakwitse. Mayeso anabiriwira. Woyamba kuwerenga anavomereza mu mphindi imodzi. Wachiwiri paipi inasankha yokha mwa amene analipo tsikulo, ndipo inasankha Mlonda.

Changu anamuona ali pa windo paja akutsegula ntchitoyo. Anamuona akutsata mzere woyamba ndi chala pa sikirini, kenako wachiwiri. Atafika kumapeto anabwerera pamwamba n'kuyambiranso. Anatsegula kaundula, n'kuona ngati pali china chimene chasinthidwa. Anayendetsanso mayeso onse payekha, ngakhale kuti anali atabiriwira kale. Sanatembenuke kumuyang'ana ngakhale kamodzi.

Panatha mphindi 40. Changu anakhala manja ali pamiyendo, osagwira kanthu, mtima ukumuwawa kuposa tsiku la msonkhano lija.

Kenako uthenga unalowa.

"Ndawerenga mzere uliwonse. Zili bwino. Ndavomereza."