Nyanga za M'munda wa Mpesa

Tsiku limenelo matatu, maminibasi a ku Kilimani mumzinda wa Nairobi, ankangodutsa atadzaza mpaka pakhomo. Watipa anali ataima pasiteji ndi katoni ya mabotolo a vinyo yomwe inkamuthyola mkono. Galimoto ya kumunda kwawo inali kugaraja, ndipo a malo odyera omwe anaitanitsa vinyoyo anali atatopa kuimba foni.

Matatu ena ataima, kondakitala anakuwa m'Chiswahili kuti katoniyo ilipire mpando wake.

"Katoni ili ndi matako kuti ikhale pampando?" anang'ung'udza Watipa m'Chichewa, poganiza kuti palibe amve.

Kumbuyo kwake munthu anaphulika nacho chiseko.

"Pepani achemwali, katoniyo ikhala pamiyendo panga. Miyendo yangayi ndi yaulere."

Anali mnyamata wamtali, malaya osita bwino, mano oyera ngati sanatafunepo nzimbe. Dzina lake anati ndi Conrad, kwawo ku Zomba, ndipo ankagwira ntchito kubungwe lina la mpingo. Watipa naye anafotokoza zake. Iye anabadwira ku Kenya konko. Bambo ake, a Greyson, anachoka ku Ntcheu kalekale kudzaphunzitsa ulimi, nakwatira mayi wa ku Naivasha, ndipo banjalo linadzala mpesa paphiri la makolo a mayiwo.

"Ndiye Chichewa chakuthwa chonchi munachitola kuti?"

"Adadi akakwiya sayankhula Chiswahili."

"Nanga mukatonimu muli golide? Miyendo yachita dzanzi."

"Vinyo woyera wa kwathu. Timalima tokha, timafinya tokha."

"Basi, ine ndaledzera kale ndisanamwe."

Mawu otchipa ngati amenewo, Watipa anali atawamva kwa anyamata ambiri a mu Nairobi. Koma m'chiyankhulo cha bambo ake anali asanawamvepo. Pofika pa Ngong Road, nambala ya foni inali itapita!

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula ya mu Epulo ku Kenya.

"Duwa langa la ku Naivasha, wadzuka bwanji? Dzuwa likudikira iwe kuti lituluke."

"Wapamtima, mtima wanga uli pa jamu ngati Ngong Road. Palibe chikuyenda ndisanakuone."

Watipa ankaseka yekha m'misewu, anthu n'kumamuyang'ana. Mtsikana amene ankatha kukangana ndi mwini hotela pa mtengo wa botolo mpaka mwiniyo kugonja, tsopano ankawerenga meseji imodzi kambirimbiri ngati mayeso.

Loweruka lina masana anamuthirira Conrad vinyo m'tambula.

"Usamwe kaye. Nunkhiza. Ukumva chiyani?"

"Ndikumva iwe."

"Siya zimenezo! Nunkhiza bwinobwino."

Conrad anatsinzina. "Mandimu... Ndiye pali kafungo kena, ngati mwala wotentha mvula ikangouwaza."

Watipa anadumpha ndi chimwemwe. Limenelo ndiye linali dothi la kwawo lenilenilo! Anamufotokozera za phulusa la phiri lomwe linaphulika makedzana, timiyala topepuka ngati thovu, ndi kuzizira kwa m'mawa komwe kumachedwetsa mphesa kupsa. Anamuuza kuti mpesa womwewo ukaudzala tsidya lina la chigwa, vinyo wake amakoma mosiyana. N'chifukwa chake a Greyson sankalola feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala opopera kuponda m'munda mwawo. Ngakhale kudulira nthambi, ankayamba ayang'ana mwezi.

"Vinyo sanama, Conrad. Amanena kumene wachokera."

"Ndiye ndikulonjeza, Wati. Tsiku la ukwati wathu anthu adzamwa wa adadi ako yekha. Wofuna fanta adzabwere nayo."

Chinthu chimodzi chokha chinkamudabwitsa Watipa. Lamulungu lililonse masana Amalawi ankasonkhana kupemphera ku Buruburu, kunyumba kwa azakhali a Conrad, a Magdalene, koma Conrad sanamutengereko.

"Azakhali ndi ovuta, bebi. Tidikire nthawi yabwino."

Watipa anadikira. Chikondi sichifunsa kawiri.

Kenaka linafika tsiku lalikulu la banja lawo, lokwirira nyanga. Chaka chilichonse ankatenga nyanga za ng'ombe zazikazi, n'kuzidzaza ndowe zaziwisi, n'kuzikwirira m'dzenje kwa miyezi ingapo. Pozifukula, ndowezo zinkakhala zitasanduka manyowa akuda bii, ofewa, onunkhira ngati nkhalango. Kachidutswa kochepa ankakasungunula m'mgolo wa madzi n'kuwaza munda wonse kuti dothi likhale ndi moyo. Tsiku limeneli alendo sankaitanidwa. Watipa anaitana Conrad.

Ndipo mnyamatayo sanachititse manyazi. Anapinda malaya osita aja, nalowetsa dzanja m'ndowe mpaka m'chigongono. Anadzaza nyanga zambiri kuposa wina aliyense, akuseka, akujambula zithunzi. A Greyson, munthu wosayamikira wamba, anakokera mwana wawo pambali.

"Mnyamata wosanyansidwa ndi ndowe ndi wosowa, mwanawe. Ameneyu umusunge."

Watipa anabwerera ku Nairobi mtima uli m'mwamba. Ndani akanamuuza?

Patapita masabata angapo, foni inangoti zii. Akaimba, osayankha. Akalemba, meseji inkaoneka kuti yawerengedwa, koma yankho ayi. Kodi wadwala? Kodi ndalakwa chiyani? Ankadzifunsa mpaka chakudya kuzizira m'mbale.

Yankho linabwera kudzera kwa Tionenji, mnzake wophunzira payunivesite.

"Wati, khala pansi kaye. Waona zomwe zili pagulu la Amalawi la pafoni?"

Chinali chithunzi cha a Greyson atagwada m'dzenje, nyanga zitandandalikidwa patsogolo pawo. Pansi pake wina analemba kuti: "Abale samalani ndi banja ili. Vinyo wawo musamwe."

Kwa Mmalawi, nyanga yokwiriridwa pansi siifuna womasulira. Pofika madzulo a Greyson anali atasanduka mfiti yokhwimira chuma, ndipo anthu omwe sanapondepo ku Naivasha ndiwo ankadziwa zambiri. Kandimverere anakanena za m'maluwa! Amayi ena omwe anaitanitsa vinyo wa paphwando anabweza. Uthenga unawoloka malire mpaka ku Ntcheu, kumene mchemwali wa a Greyson anaimba foni akulira. A Greyson sanakalipe. Anangolowa m'mizere ya mpesa n'kukhala chete, ndipo Watipa kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa chithunzicho.

Chithunzicho ankachidziwa. Amene anachijambula ndi Conrad. Koma Conrad wake angatero? Ayi! Ndi azakhali ovuta aja, ayenera kuti anamulanda foni.

Pomaliza meseji inalowa.

"Wapamtima, ndili pamoto. Usabwere. Ndikonza zonse. Ndimakukonda mpaka imfa."

Watipa anaiwerenga kamodzi kokha. Usabwere? Dzina la bambo ake likugubuduzika m'matope, mwamuna wake ali pamoto, iye akhale ku Kilimani manja ali m'chiuno? Anapita kumunda, natenga nyanga imodzi ya chaka chatha yomwe manyowa ake anali asanakhuthulidwe, naiika m'chikwama. Conrad akangoima pambali pake n'kunena zomwe anaona ndi maso ake, nkhani yonse itha. Zimenezo zokha ndi zomwe ankafuna.

Lamulungu masana anatsika matatu ku Buruburu. Nyumbayo sinavute kupeza, nyimbo ya Chichewa inkamveka kuchokera kumsewu. Pakhomo panali mulu wa nsapato. Anavula zake, nalowa.

Nyimbo inaduka pakati.

Conrad anali atagwada pakati pa balaza, manja a anthu ali pamutu pake. Pambali pake panali mtsikana wooneka wofatsa, maso atatupa ndi kulira.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Watipa, akupinda maondo kwa a Magdalene.

"Taonani kulimba mtima kwake! Mwabwera kudzamaliza ntchito yanu?"

"Ndabwera kudzakuonetsani chomwe mukuopa."

Atatulutsa nyanga ija, balaza linasanduka msika wa ku Eastleigh. Wina anakuwa dzina la Yesu, wina anagwetsa fulasiki ya tiyi, bambo wina wa tayi anapezeka ali kuseri kwa firiji. Watipa anatenga mbale patebulo, nagogoda nyangayo mpaka dothi lakuda linakhuthukira pamenepo.

"Ndi ndowe za ng'ombe zowola. Manyowa. Mulibe tsitsi la munthu, mulibe singano. Nunkhizani."

Palibe anasuntha.

"Conrad, auze. Unadzaza nawo ndi dzanja lako. Auzenso amene anatenga chithunzi m'foni mwako."

"Anatenga ndani?" a Magdalene anawomba m'manja. "Anatipatsa yekha mwanayu! Anabwera akulira kuti munamudyetsa mankhwala m'vinyo wanuyo, mpaka anaiwala chinkhoswe chake."

"Chinkhoswe?"

"Musadzipusitse. Uyu ndi Rose, wachokera ku Lilongwe. Ankhoswe anakumana kale chaka chatha."

Apa m'pamene Watipa anaona mphete pachala cha mtsikana uja. M'makutu mwake munalira ngati mwalowa njuchi. Zonse zinaonekera poyera. Rose anatulukira mosayembekezereka, anthu anamunong'oneza za mtsikana wa vinyo, ndipo Conrad atapanikizika anafunafuna pothawira. Anapapeza pamsana pa a Greyson. Mapanga awiri avumbwitsa, koma uyu anafuna kuti avumbwe ndi ena, iye akhale wouma.

Mtima unamuuza kuti athawe. Miyendo inakana. Sanabwere ulendo wonsewu kudzalira pamaso pa anthu.

"Conrad, tandiyang'ana."

Mnyamatayo anali akuwerenga maluwa a pakapeti.

"Sindikupempha kuti undisankhe. Za ine zisiye, ndidzachira. Ungonena chinthu chimodzi, kuti adadi anga si mfiti. Anakulandira patsiku lomwe salandira mlendo. Anakudyetsa patebulo pawo. Nena!"

Conrad ananyambita milomo, ija inkatulutsa mawu a uchi.

"Ine... sindikukumbukira bwinobwino. Mutu wanga sunali wanga."

"Mwamva!" anafuula a Magdalene.

Watipa anamva chinachake chikuduka m'chifuwa. Chinamupweteka zedi. Anali atamukonda ndi mtima wonse munthu ameneyu, ndipo ngakhale polowa pakhomo paja anali wokonzeka kumumenyera nkhondo.

Amene anasuntha anali Rose. Anayenda chogwada mpaka patebulo, natsina dothi lija, nalifikitsa pamphuno. Analifikisa pakati pa zala kwa kanthawi.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "ndikufunseni. Tsiku limenelo kumundako, ankaimba likhweru?"

Watipa anadabwa. "Tsiku lonse. Mpaka amayi anamuseka."

Rose anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ikuyambiranso.

"Ndakula naye uyu ku Zomba. Likhweru amaimba pokhapokha akasangalala zenizeni. Chibwerere changa kuno sanaimbepo." Anatembenukira kwa Conrad. "Mutu unali wako, Conrad. Unkadziwa chomwe ukuchita kwa iwowa, unkadziwanso chomwe ukuchita kwa ine."

"Rose, dali, tamvera..."

"Ndasala kudya chifukwa cha iwe! Ndimapempherera munthu wolodzedwa, osadziwa kuti ndikupempherera wabodza."

Anavula mphete, naiika patebulo. Kenaka anatenga foni yake, najambula mbale ya dothi ija.

"Azakhali, pagulu paja ndilembapo ndine. Awa ndi manyowa, ndipo bambo aja tawalakwira."

Bambo wa tayi uja anatuluka kuseri kwa firiji akukonza kolala.

Watipa anatola nyanga yake, navala nsapato, natuluka mutu uli chilili. Conrad anamuitana kamodzi kuchokera m'nyumba. Sanacheuke.

Anapirira mpaka pageti. Pamenepo anaimba foni ku Naivasha, ndipo a Greyson anayankha msanga ngati anali ataigwira m'manja.

"Wafikako?"

"Ndafika, adadi. Dzina lanu layera. Muona pafoni posachedwa."

Mkuluyo anapuma mozama. "Ndinadziwa. Mnyamata uja wanena zoona eti?"

Watipa anatsamira chipilala cha geti, ndipo misozi yomwe anaikaniza m'nyumba muja inatsika yonse.

"Ayi, adadi. Wanena zoona ndi mtsikana amene ananamizidwa limodzi nane."